Gulu la Akabaza a Njinga Zamoto pa Kachulu

Ku Ulaya kuli magulu a anthu okwera njinga zamoto pongofuna kuona dziko. Kuno kunyanja ya Chilwa njinga yamoto ndi khasu. Pa msewu wochoka mu tauni ya Zomba kukafika padoko la Kachulu, pamene pamakocheza mabwato a ku chilumba cha Chisi, akabaza amanyamula anthu ndiponso matumba a matemba.

Nanga amakhaliranji pagulu? Chachikulu ndi mantha. Mbala zina zimadza ngati okwera, makamaka madzulo, kenaka nkumulanda mnyamata njinga pamalo opanda anthu. Tsono pa siteji anzake amayang'anitsitsa nkhope ya amene wakwera, ndipo mnzawo akachedwa kubwera amamuyimbira foni. Wina akagwa nkuthyoka mwendo, anzake amasonkha kangachepe kuti athandize banja lake. Pa maliro samusiya yekha.

Nsomba zikasowa, monga mu 2018 pamene nyanja inaphwa, okwera amachepa ndipo ngongole zimachuluka pakati pawo.

Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri amakolowekabe chipewa chodzitetezera pa chiwongolero, ati kukutentha, chikhalirecho mchenga wa m'njira umagwetsa ndi akatswiri omwe.