Kuitanitsa katundu kunja: Momwe msonkho wa pachipata umawerengedwera

Kugula katundu ku China, Dubai, Japan kapena ku South Africa masiku ano sikulira kukwera ndege. Munthu ali ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amatha kusankha nsapato, foni, zipangizo za galimoto ngakhale galimoto yeniyeniyo pa intaneti, kulipira, n'kumadikira. Mutu umaima katunduyo akafika m'dziko muno, mwiniwake n'kuuzidwa kuti pakufunika ndalama zina zomuombolera, zomwe nthawi zina zimayandikira theka la zomwe adalipira kale. Ena amathamangira katapila, pomwe ena amangomusiya katunduyo, mpamba wonse n'kulowa m'madzi.

Ndalamazi ndi msonkho umene lamulo la Customs and Excise Act limanena kuti uperekedwe pa katundu wolowa m'dziko. Amene amatolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA mwachidule, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo lidayamba ntchito mu February 2000. Kupatula kupezera boma ndalama zoyendetsera dziko, msonkhowu umatetezanso mafakitale a m'dziko muno ku katundu wotchipa wochokera kunja.

Misonkho yake ndi itatu

Woyamba ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko, umene ambiri amangouti duty. Mulingo wake umatengera mtundu wa katunduyo. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la misonkho, motsata ndondomeko ya Harmonized System ya bungwe la World Customs Organization, lomwe likulu lake lili ku Brussels. Ndondomekoyi idayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo manambala asanu ndi limodzi oyambirira amafanana m'maiko onse oitsata. Zipangizo zopangira zinthu m'mafakitale zimalipira pang'ono kapena osalipira n'komwe, pomwe katundu wambiri wopangidwa kale amalipira mpaka K25 pa K100 iliyonse.

Wachiwiri ndi wa excise, umene umakhudza katundu wina monga mowa, fodya ndi galimoto. Pa galimoto, msonkhowu umatengera kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo, n'chifukwa chake galimoto yakale yotchipa ku Japan imatha kudula ikafika pachipata cha Songwe.

Wachitatu ndi wa VAT. Misonkhoyi imasanjikizana: wa excise umawerengedwa pa mtengo wa katundu ndi duty pamodzi, ndipo wa VAT umabwera pamwamba pa zonsezo.

Chitsanzo cha kawerengedwe

Akuluakulu a pachipata sayambira pa mtengo umene mudaona pafoni. Amaphatikiza mtengo wa katunduyo, ndalama za inshuwalansi ndi zonyamulira, zomwe pamapepala zimalembedwa kuti CIF.

Tiyerekeze kuti mwagula katundu wa K400 000, mwalipira K90 000 yonyamulira ndi K10 000 ya inshuwalansi. Mtengo wowerengerapo msonkho ndi K500 000. Ngati duty yake ndi K25 pa K100 iliyonse, mulipira K125 000, ndipo zonse pamodzi zikwana K625 000. Ngati katunduyo alibe excise, VAT iwerengedwa pa K625 000 imeneyi. Tikatenga mulingo wa K16.50 pa K100 iliyonse, umene udagwira ntchito kwa zaka zambiri m'dziko muno, VAT ikhala K103 125. Msonkho wonse ndi K228 125, kutanthauza kuti katundu wa K400 000 uja wakudyerani K728 125, musanalipire ejenti ndi galimoto yomufikitsa pakhomo.

Milingo ya misonkho imatha kusintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, choncho ndi bwino kufunsa ku MRA mulingo wa nthawi imene mukugulayo.

Mphamvu ya kwacha nayo ili ndi gawo. Mtengo wa mu dola, rand kapena yuan umasinthidwa kukhala kwacha pa nthawi yoombola katunduyo. Amene adaitanitsa katundu kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023, katunduyo n'kufika itagwa kale, adalipira msonkho woposa umene adaukonzekera.

Kuchepetsa mtengo pa invoyisi

Ogulitsa ena akunja amadzipereka kulemba mtengo wochepa pa invoyisi, ati pofuna kukuthandizani. Dziko la Malawi ndi membala wa World Trade Organization kuchokera mu 1995, ndipo malamulo a bungweli amati msonkho uwerengedwe pa mtengo weniweni umene wogula adalipira. Koma wogwira ntchito pachipata akakayikira invoyisi, ali ndi mphamvu yofunsa umboni wa kubanki ndipo akapanda kukhutira amayerekeza ndi mtengo wa katundu wofanana naye amene adalowa kale. Kunama mtengo, kuchuluka kapena mtundu wa katundu ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena kulandidwa katunduyo. Wogulitsa uja amakhala ali kutali. Wovutika ndi amene dzina lake lili pamapepala.

Kulemba kuti phukusi ndi mphatso nakonso pakokha sikuchotsa msonkho.

Katundu wa m'maiko oyandikana nafe

Dziko lino lili m'gulu la maiko amene adayambitsa malonda opanda duty a COMESA mu 2000, komanso lili mu mgwirizano wa malonda wa SADC. Katundu wopangidwa m'maiko a m'migwirizanoyi amatha kulowa pa duty yochepa kapena popanda duty, koma pamafunika satifiketi yotsimikiza dziko limene adapangidwira. Chofunika ndi kumene katunduyo adapangidwa, osati kumene mudamugula. Wailesi yopangidwa ku China siisanduka ya ku South Africa chifukwa choti mwaigula ku Johannesburg. Ndipo ngakhale duty ichotsedwe, VAT imalipiridwabe.

Mapepala ndi zilolezo

Maphukusi ang'onoang'ono obwera kudzera ku positi ofesi kapena kampani zonyamula maphukusi amaunikidwa ndi a MRA asanaperekedwe kwa eni ake. Katundu wamalonda wobwera pa kontena kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kulowera pazipata monga Mwanza, Dedza, Muloza ndi Songwe, amaomboledwa polemba Form 12 pa makina a ASYCUDA World. Ntchitoyi amagwira ndi maejenti okhala ndi chiphaso cha MRA. Mwini katundu amafunika nambala ya TPIN, invoyisi, mndandanda wa zomwe zili m'makatoni ndi chikalata cha sitima, ndege kapena lole imene yanyamula katunduyo.

Katundu wina amalira chilolezo chapadera. Mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, zipangizo zina zolumikizirana ndi la MACRA, pomwe la Malawi Bureau of Standards limaona ngati katundu ali wabwino. Mbewu, ziweto ndi zakudya zina zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe kapena wa zamalonda. Zilolezozi zitengedwe katundu asananyamuke, pakuti akafika popanda mapepala amakhala m'nyumba yosungiramo katundu, ndalama zosungira n'kumakwera tsiku ndi tsiku. Katundu amene wakhalitsa osaomboledwa amagulitsidwa pa okushoni.

Funsaninso wogulitsa ngati mtengo wake ukuphatikizapo msonkho wa kuno. Mawu oti DDP amatanthauza kuti wogulitsa ndiye alipire misonkho, pomwe DAP amatanthauza kuti udindowo ndi wa wogula. Kampani zosonkhanitsa katundu wa anthu ambiri mu kontena imodzi zimalipiritsa pa kilogalamu kapena pa kukula kwa katoni, ndipo n'kofunika zilembe poyera ngati msonkho uli momwemo.

Chenjerani ndi atsizinamtole

Mbava nazo zapezerapo mwayi. Zimaimba foni kapena kutumiza uthenga pa WhatsApp kuti phukusi lanu lagwidwa pabwalo la ndege la Kamuzu kapena la ku Chileka, ndiye mutumize ndalama pa nambala ya munthu kuti lituluke. Msonkho weniweni umabwera ndi chikalata chosonyeza kawerengedwe kake ndipo wolipira amalandira lisiti ya MRA. Ngati mukugwiritsa ntchito ejenti, muuzeni akuonetseni zonse ziwirizi, ndipo malipiro ake akhale padera.

Amene sakukhutira ndi msonkho umene wauzidwa ali ndi ufulu wodandaula polembera mkulu wa MRA, ndipo ngati sizikuthekabe, nkhaniyo ikhoza kupita ku Revenue Appeals Tribunal. Apa ndi pamene invoyisi yoona ndi umboni wa kubanki zimagwira ntchito.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanatumize ndalama kunja, dziwani nambala ya katundu wanu m'buku la misonkho, funsani mulingo wake ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka, phatikizani zonse papepala, kenako muyerekeze ndi mtengo wa katundu yemweyo ku Limbe kapena ku Malangalanga. Mukatero mudziwa ngati kuitanitsako kuli ndi phindu ndalama zikadali m'thumba mwanu.