Dzina la Munthu M'kati mwa Kompyuta: Mamangidwe ndi Mayeso a Mapulogalamu

M'makalata ambiri a nthaŵi ya atsamunda dzina la Chintheche lidalembedwa kuti Chinteche, ndipo la Nkhata Bay lidalembedwa kuti Nkata Bay. Kalaliki wosunga mafayilo sankavutika nazo zimenezi, pakuti diso la munthu limazindikira kuti malo ndi amodzi ngakhale lembo la h lisoŵepo. Kompyuta ilibe diso lotere. Kwa iyo Chinteche ndi Chintheche ndi malo aŵiri osiyana, pokhapokha amene adalemba pulogalamu yake ataiuziratu kuti ndi amodzi. Tsono popeza mayina a anthu, a midzi ndi a mafumu akusungidwa m'makompyuta a kuchipatala, a kusukulu ndi a ku ofesi ya ziphaso, mbali ina ya nkhani ya kalembedwe yaloŵa m'manja mwa amisiri a mapulogalamu, amene ntchito yawo si ya chiyankhulo. Alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kudziŵa momwe amisiriŵa amagwirira ntchito, kuti adziŵenso pamene mawu awo angamveke.

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene kompyuta imatsata osawonjezapo nzeru zake. Isanalembedwe pamakhala ntchito ziŵiri. Yoyamba ndi kufunsa eni ntchito zimene akufuna kuti pulogalamuyo idzachite, ndi kuzilemba momveka kuti pasadzakhale kukanirana pambuyo pake. Yachiŵiri ndi kugaŵa ntchito yonseyo m'zigawo ndi kupangana momwe zigawozo zidzapatsirane uthenga: chigawo cholandira zimene kalaliki akulemba, chosunga, chofufuza, chosindikiza ndi chotumiza kulikulu. Ntchito yachiŵiriyi ndiyo imene pa Chingerezi amati design. Omasulira ena amati kapangidwe, ena amati mawonekedwe, enanso amangoti pulani. Liwu loti mawonekedwe n'losokeretsa, chifukwa limakokera maganizo ku mitundu ndi zithunzi za pagalasi, chonsecho zinthu zazikulu za ntchitoyi siziwoneka n'komwe. Loti kapangidwe n'lotambalala kwambiri: limakwanira pa mphika, pa mpando ndi pa sopo pomwe. Loti mamangidwe likuyenera bwino, poti limakumbutsa mmisiri amene amayamba wadziŵa pamene padzakhale mzati asanadule mtengo ngakhale umodzi, ndiponso kuti cholakwa cha pamaziko chimakonzeka pogumula khoma.

W wa tsindwi

Chimodzi mwa zosankha za pamaziko ndicho kaundula wa malembo. Kompyuta sisunga malembo, imasunga manambala, ndipo lembo lililonse lili ndi nambala yake m'kaundula. Kaundula wa ASCII, amene adakhazikitsidwa ku America mu 1963, ali ndi malo 128 okha, ndipo ŵ mulibemo. Mulibenso mu ISO 8859-1 wa mu 1987, amene adakonzedwera ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Lemboli lili ndi malo mu Unicode, kaundula amene adayamba kutuluka mu 1991: laling'ono ndi nambala 373, lalikulu ndi 372. Mwayi wake ngwakuti anthu a ku Wales nawonso amalemba ŵ, monga m'liwu lawo lotanthauza madzi, dŵr, kotero kuti lembo la m'dzina la Malaŵi silidayende lokha pofuna malo.

Kukhala ndi nambala sikuthetsa nkhani. Njira yofala yosungira Unicode, yotchedwa UTF-8, imapatsa ŵ mabaiti aŵiri. Chigawo chosindikiza chikaŵerenga mabaitiwo potsata kaundula wakale uja, chimawona malembo aŵiri achilendo, ndipo Malaŵi amatuluka papepala ngati MalaÅµi. Chochititsa chidwi n'chakuti chigawo chosunga chidachita zolondola mwa malamulo ake, chosindikizanso chimodzimodzi. Cholakwa chili pamsoko, pamene ziŵirizo zikumana.

Wina anganene kuti palibe chotayika, popeza oyankhula Chicheŵa ambiri sasiyanitsanso w ndi ŵ, ndipo nyuzi zambiri zidaleka kuyika tsindwilo. Mawu otere sangapite patali m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay. Mabuku a Chitonga amalemba ŵanthu ndi ŵana, ndipo pa Chitumbuka, chimene chimamvekanso m'bomalo, wakwiza ndi munthu mmodzi amene akubwera pamene ŵakwiza ndi anthu ambiri. Pulogalamu yofafaniza tsindwi pamenepo yasintha chiŵerengero cha odwala amene namwino akuŵadikira.

Palinso za ndalama. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula malembo 160 ngati onse ali m'kaundula wa lamya za GSM, mmene ŵ mulibe. Pakangoloŵa ŵ mmodzi, uthenga wonse umasamukira ku kaundula wina mmene mumakwana malembo 70 okha, ndipo ukakhala wautali umadulidwa m'zidutswa za malembo 67. Motero uthenga wa malembo 150 wokumbutsa amayi tsiku la sikelo umalipiridwa kamodzi ukapanda tsindwi, koma katatu ukakhala nalo. Amene akufuna kuti ŵ asungidwe ayenera kudziŵa mtengo umenewu asanakhale pamsonkhano ndi osunga chuma.

Nkhodolero

Vuto la nkhodolero ndi lalikulu kuposa la tsindwi, chifukwa limakhudza wolemba Chicheŵa aliyense. M'mawu oti m'nyumba nkhodolero ikusonyeza kuti lembo lina lachotsedwa, koma mu ng' ndi mbali ya lembo lenilenilo. Ng'oma ndi choyimbira, ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo Ng'oma ndi Ngoma ndi mayina a mabanja osiyana. Tsoka ilo, m'chiyankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu ambiri amayankhulira ndi nkhokwe zawo zosungiramo zinthu, chizindikiro chomwechi ndicho chimatsekula ndi kutseka mawu. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ikalandira dzina loti Ng'oma imayesa kuti dzinalo lathera pa Ng, ndipo zotsalazo imaziŵerenga ngati lamulo losamveka, nkukana kusunga. Kalaliki amene ali ndi mzere wa anthu pakhomo sadikira mmisiri. Amachotsa nkhodolero, kompyuta nkuvomera, ndipo a Ng'oma amatuluka muofesi ali a Ngoma. Mankhwala ake adadziŵika kalekale: dzina liziperekedwa kunkhokwe padera, osaliphatikiza m'kati mwa lamulo. Kukana nkhodolero m'mayina ndi ulesi wa mmisiri, si chikhalidwe cha kompyuta ayi.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zotopetsa. Malangizo oyika malembo aakulu amene adalembedwa poganizira mayina onga O'Brien amasandutsa Ng'oma kukhala Ng'Oma. Ndiponso Unicode ili ndi zizindikiro zingapo zofanana m'maso: nkhodolero yowongoka ya nambala 39, yopindika ya nambala 8217 imene mapulogalamu olembera makalata amayika okha, ndi ya nambala 700 imene imaŵerengedwa ngati lembo. Dzina lolembedwa ndi imodzi silipezeka polifufuza ndi inzake, ngati chigawo chofufuza sichidauzidwe kuti zitatuzo zitengedwe ngati chimodzi.

Chirwa ndi Chilwa

Chigawo chofufuza chimakumananso ndi l ndi r, amene m'kamwa mwa Amalaŵi ambiri amasinthana mosavuta. Munthu mmodzi angalembedwe Chirwa lero, Chilwa chaka chamaŵa. Kumayiko a Azungu kuli njira yakale yofufuzira mayina potsata kamvekedwe, yotchedwa Soundex, imene idayamba mu 1918. Njirayi idapangidwira khutu la Mngerezi: imapatsa l nambala 4, r nambala 6, kotero Chirwa amakhala C600 pamene Chilwa ndi C400, anthu aŵiri osadziŵana. Kuchipatala zotsatira zake n'zoopsa, pakuti wodwala amatsekuliridwa fayilo yachiŵiri ndipo mbiri ya mankhwala amene adalandira kale imatsala mu yoyamba.

Njira imodzi yozembera vutoli ndi kusadalira dzina lokha. Makina olembera odwala pokhudza galasi amene gulu la Baobab lidayambitsa mu 2001 pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, ankasindikiza kapepala ka nambala komata pabuku la wodwala, kuti akadzabweranso apezeke ndi nambalayo. Chimodzimodzi kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, amene adalemba anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, adapatsa aliyense nambala yake. Koma buku limanyowa m'bwato ndipo chiphaso chimatayika. Tsiku limenelo chotsala ndi dzina basi.

Malo nawonso amalamula mamangidwe. Usisya ndi kumalo kumene phiri lidatsikira m'nyanja, kofikako ndi sitima ya Ilala, maboti kapena msewu wovuta wotsika m'mapiri. Pulogalamu yoti ikagwire ntchito kumalo otere iyenera kutha kusunga zinthu payokha intaneti ikaduka, nkudzazitumiza ikabwerera. Pamenepo pamabadwa funso lina loti liyankhidwe pamaziko pomwe: makina a ku Usisya ndi a ku Kande akalemba anthu tsiku limodzi osamvana, chidzaletsa n'chiyani kuti anthu aŵiri apatsidwe nambala imodzi?

Kuyesa, kuyeza ndi mayeso

Zonsezi zimagwidwa poyesa pulogalamu, ndipo apa omasulira asamale. Mneni woti kuyesa ali ndi matanthauzo ambiri: kuchita chinthu mosatsimikiza, kuganiza molakwa, kunyengerera munthu kuti achimwe, ndi kufufuza ngati wophunzira wadziŵa. Tanthauzo lotsirizali ndilo likufunika, ndipo dzina lake ndi mayeso, osati mayesero. Fanizo la kusukulu likukwanira ndithu. Mphunzitsi sapereka funso asanakonze yankho lake, ndipo woyesa pulogalamu amalemberatu zinthu ziŵiri: chimene adzaloŵetse ndi chimene akuyembekeza kuti chituluke. Kungodinadina mabatani kuti awone chochitika si mayeso. Mneni woti kuyeza asungidwire zoŵerengeka ndi manambala, monga masekondi amene pulogalamu imatenga pofufuza dzina limodzi mwa mayina 9 miliyoni.

Liwu la Chingerezi loti bug lisamasuliridwe kuti kachilombo. Kachilombo ka kompyuta ndi chinthu china, pulogalamu yowononga yochokera kunja, ndipo liwulo lili kale ndi katundu wolemera m'nkhani za umoyo. Chicheŵa chili ndi mawu atatu okwanira bwino: mmisiri amalakwitsa, mu pulogalamu mumatsala cholakwa, ndipo tsiku lina pulogalamuyo imalephera. Cholakwa chingagone zaka osadzuka mpaka a Ng'oma atafika pawindo.

Mayeso amayenda ngati kusoka chilimira. Asodzi amayang'ana chidutswa chilichonse cha ukonde pachokha, kenaka misoko, kenaka amakauponya m'madzi. Chomwechonso pali mayeso a chigawo chimodzi, mayeso olumikiza zigawo, amene akadagwira MalaÅµi uja, ndi mayeso a eni ntchito, pamene kalaliki weniweni amakhala pamakina kumalo kwake kwenikweni. Pali mayesonso obwereza: pulogalamu ikasinthidwa pang'ono pokha, mafunso onse akale amafunsidwanso, chifukwa kukonza nkhodolero lero kungathe kuwononga tsindwi limene lidakonzedwa chaka chatha.

Katswiri wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, adachenjeza cha m'ma 1970 kuti mayeso amatha kusonyeza kuti zolakwa zilipo, koma sangatsimikize kuti palibe. Palibe amene angayese mayina onse a m'dziko. N'chifukwa chake luso la woyesa lagona pa kusankha, ndipo amasankha za m'malire, kumene zolakwa zimakonda kubisala: munthu wokwanitsa zaka 16 lero ndi wokwanitsa maŵa, uthenga wa malembo 160 ndi wa 161, wobadwa pa 29 Febuluwale, gogo wosadziŵa chaka chimene adabadwa.

Malire a chiyankhulo mmisiri wa mapulogalamu saŵadziŵa payekha, ndipo apa ndi pamene pali ntchito ya mkonzi ndi mphunzitsi: kukonza mndandanda wa mayina oyesera, lililonse ndi yankho lake. Boma la Nkhata Bay lokha lingapereke ambiri. Malengamzoma, Fukamapiri ndi Mankhambira ayese ngati malo olembapo ndi otalika mokwanira. Dzina la ufumu wa ku Usisya, limene ena amalemba M'bwana ena Mbwana, liyese ngati dera limodzi silikuŵerengedwa kaŵiri m'malipoti. Chintheche ndi Chinteche aphatikizidwe kukhala malo amodzi. Chirwa ndi Chilwa asungidwe monga mwini adanenera, koma atulukire pamodzi pofufuza, kuti kalaliki afunse. Ng'oma ndi Ngoma ndiwo ovuta kwambiri. M'nkhokwe ayenera kukhala osiyana, komabe pofufuza Ngoma a Ng'oma awonekenso, poti ambiri adachotseredwa kale nkhodolero m'mapulogalamu akale. Ndipo pamizere iŵiri ya pansi pa tsamba la pasipoti imene makina a pabwalo la ndege amaŵerenga, malamulo a bungwe la ICAO salola nkhodolero kapena tsindwi, kotero onse aŵiri adzalembedwa NGOMA. Yankho limeneli lilembedwenso pamndandanda, kuti woyesa asaliyese cholakwa.