Mnofu wa mkono ndi mnofu wa mtima

Pa maikulosikopu, mnofu wa mkono ndi mnofu wa mtima imaoneka ngati yapachibale. Yonse iwiri ili ndi timizeremizere topingasa, ndipo imakokana pogwiritsa ntchito mapuloteni amodzimodzi otchedwa actin ndi myosin. Chibale chake chimathera pomwepo.

Mnofu wa mkono sugwira ntchito popanda kuuzidwa. Maselo ake ndi ataliatali ngati ulusi, ndipo lililonse limadikira uthenga wochokera ku ubongo kudzera mu msana. Mtsempha wonyamula uthengawo ukafa, monga zimachitikira pa poliyo, mnofu umafota ngakhale kuti matendawo sanaukhudze. Mtima suli choncho. Uli ndi kagulu kake ka maselo koyambitsa kugunda, kamene Arthur Keith ndi Martin Flack anakafotokoza mu 1907. Maselo a mtima ndi aafupi, a nthambi, olumikizana kumapeto kwake mwakuti mphamvu ya magetsi imadumpha kuchoka pa selo lina kupita pa linzake. Ndiye chifukwa chake mtima umene Christiaan Barnard anauika mwa munthu wina ku Cape Town mu 1967 unagunda ndithu, ngakhale mitsempha youlumikiza ku ubongo inali itadulidwa. Ubongo umangoufulumizitsa kapena kuuchedwetsa.

Pa kupirira, mtima ulibe mnzake. Umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo lake ladzaza ndi timagawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Sungathenso kuuma n'kukhala chikokanire monga imachitira minofu ya wodwala kafumbata, chifukwa ukagunda umayamba wamasuka usanamve uthenga wina. Wolima ndi khasu mikono imalema dzuwa lisanafike pamutu, mtima wake uli phee pa ntchito.

Komabe anthu amafulumira kutamanda mtima. Ine ndimaona kuti pa nkhani ya kupola, mkono ndiye wamwayi. M'mphepete mwa maselo ake mumakhala timaselo tina togona, timene Alexander Mauro anatipeza mu 1961 pofufuza minofu ya chule. Mnofu ukang'ambika, timaseloti timadzuka, timachulukana n'kumanga ulusi watsopano. Wosewera mpira amene wabenthula mnofu wa ntchafu amabwerera m'bwalo pakapita masabata angapo.

Mtima ulibe nkhokwe yotere. Mu 2009 gulu la Jonas Frisén ku Karolinska Institute, ku Sweden, linayeza zaka za maselo a mtima mwanzeru yodabwitsa: linagwiritsa ntchito carbon-14 amene anafalikira mumlengalenga mayiko akuyesa mabomba a nyukiliya, n'kulowa m'matupi a anthu kudzera m'chakudya. Linapeza kuti kwa munthu wa zaka 25, selo limodzi lokha pa maselo 100 aliwonse limasinthidwa pa chaka, ndipo pofika zaka 75 chiwerengerocho chimatsika kupitirira theka. Maselo ambiri a mtima amene munthu amafa nawo ndi omwe anabadwa nawo.

Choncho mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mbali yosowa magazi imayamba kufa ola lisanathe. Thupi limatseka malowo ndi chipsera cholimba, chigamba chimene chimagwira khoma kuti lisaphulike koma sichikokana. Ntchito ya mbali yakufayo imagwera maselo otsala, amene amangokula msinkhu popanda kuchuluka, ndipo kwa odwala ena pamenepa ndi pomwe pamayambira kufooka kwa mtima kumene kumadzaonekera ndi phuma komanso kutupa kwa miyendo.