Maphunziro a alimi aziyesedwa kumunda

Mabungwe omwe si aboma ophunzitsa alimi anachuluka m'dziko muno chilowere ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, ndipo ndondomeko ya boma ya zaulangizi ya chaka cha 2000 inawapatsa mpata wogwira ntchito limodzi ndi alangizi a boma. Izi nzabwino, poti mlangizi mmodzi wa panjinga yakapalasa sangafike midzi yonse ya m'dera lake. Chondidandaulitsa ine ndi mmene mabungwe ambiri amadziwira ngati maphunziro awo aphula kanthu. Malipoti ambiri amene ndimawerenga amangonena chiwerengero cha anthu amene anabwera, amayi angati ndi abambo angati, basi ntchito yatha. Kaundulayo amangotiuza anthu amene anadya nsima ya masana ndi kusainira alawansi.

Pali njira ina imene inayamba ku Indonesia mu 1989 mothandizidwa ndi bungwe la FAO, yotchedwa sukulu ya alimi ya m'munda. Kumeneko alimi a mpunga ankapopera mankhwala kwambiri mpaka kupha akangaude ndi tizilombo tina timene timadya tizilombo toononga mbewu. Zotsatira zake, kachilombo koyamwa madzi a mpunga kanaswana modetsa nkhawa, moti mu 1986 boma la dzikolo linaletsa mitundu 57 ya mankhwala m'minda ya mpunga. Akatswiri anaona kuti mlimi sangasiye kupopera chifukwa chongouzidwa pamsonkhano. Anayenera kudzionera yekha kangaude akugwira kachilomboko.

Sukulu yake imayenda motere. Alimi pafupifupi 25 amakumana kamodzi pa sabata m'munda umodzi, kuyambira kubzala mpaka kukolola. Mundawo amaugawa pawiri: mbali ina amalima mwa chizolowezi chawo, inayo mwa njira imene akufuna kuyesa. Amagawana m'timagulu ta anthu asanu, kuyang'ana mbewu phando ndi phando, kujambula zimene aona papepala lalikulu, kenako kufotokozera anzawo ndi kugwirizana chochita sabata imeneyo.

Apa mpamene pagona luso la wotsogolera maphunziro, ndipo ambiri a ife amene tinapita kusukulu ya zaulimi limativuta chifukwa tinazolowera kuyankhula. Mlimi akabwera ndi mbozi m'manja nkufunsa kuti ndi chiyani, wotsogolera wabwino sathamangira kutchula dzina. Amafunsa kuti waipeza pati, pamsonga kapena m'kati mwa phesi? Zinalipo zingati? Masamba anali otani? Pofika poti atchule kuti ameneyu ndi kapuchi, mlimi uja wadziwa kale pomuyang'ana m'munda mwake. Nkovuta kuchita zimenezi mu holo ya paboma mwezi wa Julayi, minda ili mapesi okhaokha. Koma mabungwe ena amaika maphunziro nthawi yotereyo kaamba koti ndalama za opereka thandizo ziyenera kutha chaka chawo cha zachuma chisanatseke.

Nanga tingayese bwanji? Tiyeni titenge kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Pahekitala pamakhala mapesi oposa 53,000, pomwe kabzalidwe kakale ka njere zitatu paphando, masentimita 90 uku ndi uku, kamapereka mapesi pafupifupi 37,000. Bungwe limene laphunzitsa zimenezi litume munthu ndi chingwe choyezera m'mwezi wa Disembala, chimanga chitamera. Asankhe minda khumi mwa anthu amene anasaina kaundula, osati imene wapampando wa kalabu wamulozera. Akapeza kuti asanu ndi awiri anabzala mwakale, asawadzudzule koma afunse chifukwa. Mwina mbewu inachepa, mwina kuunga mizere yatsopano kunafuna aganyu amene mlimi sakanatha kuwalipira, mwinanso feteleza anabwera mochedwa. Mayankho amenewa ndiwo ayenera kusintha maphunziro a chaka chamawa. Chaka chachiwiri abwererenso kuminda yomweyo, chifukwa ambiri amatsata njira yatsopano pokhapokha mbewu yaulere ilipo.

Pa za utsogoleri ndingonena chimodzi. M'makalabu ambiri, anthu opita kumaphunziro amakhala omwewomwewo, wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo nthawi zina palibe mwa iwo amene amagwira khasu tsiku ndi tsiku. Amayi amene amapalira ndi kubandira amatsala kunyumba. Kalabu ilembe m'malamulo ake kuti maudindo azisankhidwanso pakatha zaka ziwiri, opita kumaphunziro azisinthana, ndipo wobwerako aziphunzitsa anzake m'munda mwake pasanathe sabata ziwiri. Inu alimi, bungwe likabwera m'mudzi mwanu ndi maphunziro, lifunseni msonkhano usanayambe kuti lidzabwera mwezi uti kudzaona minda yanu, ndipo mlembi alembe tsikulo m'buku la kalabu.