Ogulitsa malimu akale azinena zoona

Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimafika m'chigawo cha Tete zili ndi malimu owala a aluminiyamu, amene ena amati majante. Sipapita nthawi, eni ake ena amawachotsa, nkuika achitsulo. Chowachititsa ndi misewu. Limu lachitsulo likagunda dzenje limapindika, mmisiri nkuliwongola ndi hamala. La aluminiyamu ndi lopepuka ndi lokongola, koma likagunda kwambiri limachita mng'alu.

Motero malimu anayi pamodzi ndi matayala ake amapezeka ali pamalonda kwa okonza matayala mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Ulongué. Ena amagulidwa sabata yomweyo, ena amatha miyezi akudya fumbi. Kawirikawiri amene amagulitsa msanga ndi amene akudziwa bwino katundu wake, ndipo sabisa chilema.

Choyamba chimene wogula amafunsa ndi mabowo a mabawuti. Toyota Vitz ili ndi mabowo anayi. Hilux yokoka ndi mawilo onse ili ndi asanu ndi limodzi. Koma kuwerenga mabowo kokha sikokwanira. Premio ndi Mark II zonse zili ndi mabowo asanu, komabe limu la ina sililowa pa inzake, chifukwa mabowo a Premio ali pa bwalo la mamilimita 100 pamene a Mark II ali pa la 114.3. Wogulitsa wodziwa nambala imeneyi sataya nthawi ndi munthu amene malimuwo sangamuthandize. Ndi bwinonso kupereka manati ake, pakuti malimu ambiri a aluminiyamu amafuna manati awoawo.

Tayala nalo limanena lokha mbiri yake. Likalembedwa 185/65 R15, ndiye kuti m'lifupi mwake ndi mamilimita 185 ndipo limavala limu la mainchesi 15. Kuyambira chaka cha 2000, manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT amasonyeza nthawi imene linapangidwa: 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano abwino koma mphira wake utauma ndi ukalamba. Ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, tayala lotere limaphulika mosavuta pa phula lotentha. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana nato, tayalalo latha, ndipo si chilungamo kulitchulira mtengo.

Choopsa kwambiri ndi mng'alu wobisika. Alipo amene amawotcherera limu losweka, kulipala bwino, nkulipaka penti. Pamaso limaoneka latsopano, koma likhoza kutsegukanso galimoto ili pa liwiro, itanyamula banja lonse pa msewu wa ku Zóbuè. Wogulitsa woona mtima amatsuka malimu ake, kuwagadabuza kuti mkati muoneke, ndi kulola wogula kuwazungulitsa pa makina oyezera mawilo. Madzi a sopo othiridwa m'mphepete amaulula pamene mpweya ukutuluka. Ngati limu linawotcheredwapo, anene, mtengo utsike, wogula asankhe yekha. Wogula nayenso asachite manyazi, pakuti safunsa anadya phula.

Palinso nkhani ya umbava. Mawilo amabedwa usiku, galimoto nkutsala pa njerwa, ndipo wogula katundu wakuba amalowa m'mlandu. Nchifukwa chake ndi nzeru kulemberana kalata yotchula mayina, manambala a ziphaso, mtengo ndi galimoto imene malimuwo anachokako, pamaso pa mboni kapena mlembi wa dera.

Ndalama za malimu anayi zimatha msanga. Koma m'tauni yaing'ono ngati Ulongué, wogulitsa ndi wogula adzakumanabe ku msika, ku tchalitchi ndi pamaliro.