Nsapato ziwiri ndi funso lomwe linkamuvuta Einstein

Ndikamaphunzitsa za atomu, ndimajambula elekitironi ngati kampira kozungulira nyukiliyasi. Ndiulule lero: chithunzicho n'chongokuthandizani pa mayeso. Quantum mechanics siitiuza pomwe elekitironi ili. Imangotiuza mwayi woipeza apa kapena apo tikayeza. Nanga tisanayeze, imakhala pati?

Mu 1935 Albert Einstein, Boris Podolsky ndi Nathan Rosen analemba za tinthu tiwiri tomwe takhudzana kenako n'kupatukana. Ukayeza kamodzi, pompo umadziwa zomwe kanzake kaonetse, ngakhale kali kutali. Taganizani nsapato: yakumanzere m'katoni yopita ku Karonga, yakumanja ku Nsanje. Wotsegula ku Karonga adziwa zomwe zili ku Nsanje popanda matsenga, poti yankho linalimo kale. Einstein ankaganiza motero. Niels Bohr anakana zoti yankholo limakhalapo usanayeze.

Einstein sankangolimbana nazo pachabe. Relativity yake ya 1905 imati palibe uthenga wothamanga kuposa kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Ngati yankho libadwira poyeza, kanzake kaja kamva bwanji nthawi yomweyo?

Mu 1964 John Bell anaonetsa kuti ngati tinthuti tili ngati nsapato, kugwirizana kwa zotsatira zake kuli ndi malire. Quantum mechanics inkati malirewo adumphidwa. Alain Aspect anayeza mu 1982 ku France, ena anabwereza ku Delft mu 2015 pa mtunda wa makilomita 1.3. Malire anadumphidwadi, nsapato zathu zinagonja. Mu 2022 Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger analandira mphoto ya Nobel.

Ndiye relativity yagwa? Ayi ndithu. Woyeza sasankha chomwe chituluke, choncho sangatumize nacho uthenga. Kugwirizanako kumaoneka awiriwo akafananitsa zolemba zawo, kaya pa foni, ndipo foni siiposa kuwala.

Komabe pali pondisowetsa mtendere. Relativity imati anthu awiri oyenda mosiyana angatsutsane kuti wayamba kuyeza ndani, onse n'kukhala olondola. Ndiye "wachititsa" zotsatira za mnzake ndani? David Bohm mu 1952 anati tinthu tili ndi malo enieni nthawi zonse, koma mtengo wake ndi kuvomera kuti timakhudzana pompopompo patali. Hugh Everett mu 1957 anati zotsatira zonse zimachitika, chilichonse m'nthambi yake. Ineyo za Bohm zimandikoka poti zimajambulika pa bolodi, koma ndi zomwenso zimavuta kwambiri kuziyanjanitsa ndi relativity.