Gofu amaseweredwa ngakhale driver itagona m'chikwama

Pafupifupi aliyense amene amabwera kwa ine kuti ndimuphunzitse gofu, ndodo yoyamba kusolola m'chikwama imakhala driver. Ndi yaitali kuposa zinzake, mutu wake ndi waukulu, ndipo kawirikawiri ndi imene inadya ndalama zambiri. Anthu ambiri amakhulupirira kuti pa tee, pamalo poyambira paja, munthu wodziwa gofu sagwira ndodo ina. Lero ndikufuna ndinene poyera kuti lamulo lotero kulibe. Malamulo amangoti wosewera asanyamule ndodo zopitirira 14. Sanena kuti driver ikhalepo, sanenanso ndodo yoyambira nayo.

Driver inapangidwa kuti mpira upite kutali, ndipo chimene chimaipatsa mphamvu ndi chomwenso chimaivutitsa. Driver zambiri ndi zotalika mainchesi 45 kapena kupitirira pang'ono, pamene 3-wood imakhala cha m'ma 43. Ndodo ikatalika, mutu wake umazungulira mothamanga, koma kumenya mpira pakatikati pa nkhope yake kumavuta. Nkhope ya driver inapendekera kumwamba pang'ono chabe, madigiri 9 mpaka 12, pamene ya 3-wood ili cha pa 15 ndipo ya 5-wood cha pa 18. Nkhope ikakhala yoima ngati ya driver, kuphonya pang'ono kumachititsa mpira kuzungulira chammbali, n'kukhota uli m'mwamba. Kupendekera kwambiri kumauzunguza chakumbuyo, ndipo umapita mowongoka.

Mtunda nawo umakulitsa cholakwa. Mpira ukachoka mopatuka ndi madigiri 5 okha, pa mamita 150 umakhala utasiya mzere ndi mamita 13. Pa mamita 200 umakhala utasiya ndi mamita 17 ndi theka. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kuchotsa mpira pa kapinga wometedwa bwino wa pa fairway n'kuuponya m'mitengo.

Ndimaona zimenezi kawirikawiri. Munthu waima pa tee, anzake atatu ali kumbuyo kwake chete. Zala zafinya ndodo mpaka mitsempha kuonekera, mapewa akwera. Amakweza ndodo mofulumira, n'kugwetsa ndi mphamvu zake zonse. Mpira umanyamuka bwinobwino, koma ukafika pakati pa ulendo umayamba kukhotera kumanja, mpaka kukalowa m'tchire. Caddie amathamangirako, n'kumapalasa udzu ndi phazi. Kuyambira mu 2019, malamulo amapereka mphindi 3 zokha zofufuzira mpira. Ukapanda kupezeka, kapena ukagwera kunja kwa malire a bwalo, wosewera amalandira chilango cha shoti imodzi n'kubwerera pomwe anamenyera. Akamamenyanso pa tee imakhala shoti yachitatu, asanasunthe ngakhale phazi limodzi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Khadi la zigoli silifunsa kuti mpira unapita kutali bwanji. Limangowerenga kuti mwamenya kangati. Tiwerengere limodzi. Bwalo la maenje 18 nthawi zambiri limakhala la par 72. Munthu amene akufuna kumaliza ndi mashoti 90, chimene osewera ambiri a kumapeto kwa sabata amalakalaka, ali ndi shoti imodzi yapadera pa dzenje lililonse. Pa dzenje la par 4 lotalika mamita 350, iye akufunika kufika pa green ndi mashoti atatu, kenako ma putt awiri. Mamita 150 pa tee, ena 130, otsala 70 ndi wedge. Palibe shoti imodzi pamenepa yofuna driver.

Musaganize kuti imeneyi ndi njira ya ofooka. Mu July 2006, pa mpikisano wa The Open pa bwalo la Royal Liverpool ku Hoylake, ku England, kunali dzuwa ndipo nthaka inali itauma gwa. Tiger Woods, amene panthawiyo anali mmodzi mwa omenya kutali kwambiri, anaona kuti choopsa pabwalopo ndi ma bunker, malo okumbika odzaza mchenga amene ali m'mbali mwa fairway. Anasankha kumamenya ndi ma iron kuti mpira uziima asanafike pa mchengawo, ngakhale kuti shoti yachiwiri imakhala yaitali. Pa maenje 72, driver anaigwira kamodzi kokha. Anapeza fairway ka 48 mwa ka 56, n'kupambana ndi mashoti 270, awiri patsogolo pa Chris DiMarco. Henrik Stenson wa ku Sweden, amene anapambana mpikisano womwewu ku Royal Troon mu 2016 ndi mashoti 264, amadziwika chifukwa chodalira 3-wood pa tee.

Za ku Hoylake zija zimatikhudza ifenso kuno. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, mabwalo athu amauma ndipo mpira ukatera umagubuduka mtunda wautali. Shoti ya 5-wood imene mu February imaima pomwe yagwera, mu October imapitirira ndithu. Mpira wa driver wopatuka nawo umagubuduka chimodzimodzi, koma kulowera kutchire.

Sindikunena kuti driver ndi mdani. Mark Broadie, pulofesa wa ku Columbia University amene anasanthula mashoti ochuluka zedi n'kulemba buku la Every Shot Counts mu 2014, anasonyeza kuti kuyandikira dzenje kumathandiza kwambiri kuchepetsa mashoti. Ngati mpira wanu wa driver umagwera pamalo pomenyeka, ngakhale pa udzu wokulirapo pang'ono, pitirizani kuigwiritsa ntchito. Chimene chimawononga masewero ndi chilango, ndiponso mpira wogwera kuseri kwa mtengo umene muyenera kuutulutsa chammbali. Choncho funso loyenera kudzifunsa pa tee iliyonse ndi lakuti: ndikaphonya monga ndimaphonyera masiku onse, mpira ukagwera pati? Ngati yankho ndi m'madzi, m'tchire kapena kunja kwa malire, tengani ndodo yaifupi. Ngati mbali zonse kuli poyera, driver ituluke.

Pali kanthu kenanso kamene anthu sakhulupirira mpaka ataona okha. Kwa amene dzanja lawo silithamanga kwambiri, monga achikulire, ana ndi ongoyamba kumene, driver imalephera kukweza mpira mokwanira, ndipo umagwa msanga. Anthu otere akayesa 3-wood kapena 5-wood amapeza kuti mtunda sukusiyana kwenikweni.

Pomenya 3-wood pa tee, kamtengo koikapo mpira mukalowetse pansi kuti mpira ungokwera pang'ono pamwamba pa udzu. Ngati mumasewera ndi dzanja lamanja, mpira ukhale cham'kati pang'ono mwa chidendene chakumanzere. Musayese kuunyamula, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya nkhope ya ndodo. Ingosesani mpirawo, thupi likutembenuka mpaka chifuwa chitayang'ana komwe mukumenyera.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Ulendo wotsatira mukapita kukasewera, driver muisiye kunyumba, ndipo pa khadi muzilemba zinthu ziwiri: mashoti onse, ndi mipira imene yatayika kapena kukupatsani chilango. Mukatero maulendo angapo, yerekezani ndi makhadi anu akale. Manambala amenewo ndi amene akuuzeni maenje oyenera driver pa bwalo lanu. Pakadali pano, driver muziiphunzira kumalo oyeserera, ndipo ibwerere m'chikwama mukayamba kuilamulira.